MWANA WA NG'ONA SAKULIRA DZIWE LIMODZI: KUMENE ADAPITA OCHITA ZISUDZO A KU CHIRUNGA

Pa tchuthi chapitachi bambo anga adandifunsa funso limene ndikhulupirira kuti aliyense wa ife ophunzira zisudzo pano pa Chirunga adafunsidwapo kwao. Tidali pakhonde kwathu ku Kawale, dzuwa litapendeka, iwo akukonza wailesi yawo yakale. Osandiyang'ana n'komwe adati, "Kodi iwe, digiri yako ya maseweroyi ukadzalandira, udzakaionetsa pa ofesi iti?" Mayi adaseka, koma bambo sadaseke ayi, pakuti ndiwo amene amatumiza ndalama ya lendi ndi ya ndiwo mwezi ndi mwezi. Ine ndidayankha mothamanga kuti, "Ntchito zilipo zambiri, bambo." Iwo adati, "Tatchula imodzi." Ndidangoti kukamwa yasa, mawu osatuluka.

Manyazi a tsiku limenelo ndiwo adandituma kukafufuza kumene adapita anzathu amene adatitsogolera pa bwalo la zisudzo la Sukulu ya Ukachenjede. Chimene ndidapeza n'chakuti owerengeka okha ndiwo adakalambira pa siteji. Ambiri adamwazikana, ndipo kumwazikana kwawoko sikudachitike mwangozi. Kudatsata mbiri ya dziko lino, kotero kuti munthu angathe kukulondola poyenda mu mzinda wa Lilongwe, kuchokera ku Capital Hill, kutsikira ku Old Town, ndi kukathera kumayadi. Koma tisanafike ku Lilongwe, awerengi anzanga, tiyambire kumene mtsinje udatumphukira.

CHIYAMBI

Sukulu ya Ukachenjede ya Malawi idayamba kuphunzitsa m'chaka cha 1965 ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre. M'chaka cha 1970 pa koleji ya Chancellor padabadwa ana awiri: Writers' Workshop, kholo la kagulu kathu kano, ndi Travelling Theatre, gulu la zisudzo loyendayenda limene adaliyambitsa mphunzitsi wina dzina lake John Linstrum. Limodzi mwa masewero oyamba a gululi lidali The Trials of Brother Jero la Wole Soyinka wa ku Nigeria. Koleji itasamukira kuno ku Zomba mu 1973, James Gibbs adalimbikitsa ophunzira kuti azilemba masewero awoawo, ndipo mu 1976 adatulutsa buku la Nine Malawian Plays, m'mene muli The Banana Tree la James Ng'ombe ndi Graveyards la Chris Kamlongera. The Rainmaker, sewero la Steve Chimombo lonena za M'bona, lidasindikizidwa mu 1978.

Chofunika kudziwa n'chakuti pa nthawi imeneyo kudalibe dipatimenti ya zisudzo. Amene ankaloweza mizere ndi kusoka zovala za pa siteji adali ophunzira Chingerezi, mbiri yakale, uphunzitsi kapena malamulo, ndipo masewero ankakonzekera madzulo ataweruka m'kalasi. Dipatimenti ya Fine and Performing Arts, yophunzitsa zisudzo, nyimbo ndi zojambula, idatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Motero mbadwo woyamba sudayembekezere konse kuti udzadya za pa siteji.

Ngakhale akadafuna, khomo lidali lopapatiza. Lamulo la 1968 loyang'anira mabuku ndi zosangalatsa lidakhazikitsa Censorship Board, ndipo sewero lililonse lisanaonetsedwe kwa anthu linkayenera kupita kaye ku bungweli kuti aliwerenge, adulemo zimene sizidawakomere, kapena alikanize lonse. Zoopsa sizidathere pa pepala pokha. Edge Kanyongolo, wophunzira malamulo amene adali mmodzi wa akatswiri a Travelling Theatre, adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu mu 1983 pamodzi ndi ophunzira anzake. Jack Mapanje, mmodzi wa oyambitsa Workshop, adagwidwa mu September 1987 ndipo adatuluka ku Mikuyu mu May 1991. Ndi kholo liti likadalola mwana wake kuika moyo wake wonse pa ntchito yoimirira pagulu ndi kulankhula m'masiku otere?

DZIWE LOYAMBA: CAPITAL HILL

Tsono taonani m'mene zinthu zidasemphanirana. Koleji idafika ku Zomba mu 1973, ndipo patangopita zaka ziwiri, mu 1975, likulu la Boma lidasamukira ku Lilongwe. Bungwe la Capital City Development Corporation, limene lidakhazikitsidwa mu 1968, lidayamba kumanga likulu latsopanoli ndi ngongole yochokera ku South Africa. Adamanga maofesi a maunduna pa Capital Hill, adamanga City Centre ndi mabanki ake, adagawa malo okhala anthu m'madera a manambala, nasiya nkhalango pakati pa mzinda wakale ndi watsopano. Koma nyumba ya zisudzo ya fuko sadaimange, ndipo kufikira lero palibe.

Wotuluka ku Chirunga atanyamula digiri, tsono, ankapeza makomo a maofesi ali otsekula, la siteji osalipeza. Ambiri adalowa uphunzitsi, ndipo ngakhale adakaphunzitsa ku Chitipa kapena ku Nsanje, kalata yowatumiza ndi malipiro awo zinkachokera ku Capital Hill. Aphunzitsi otere adathandiza kuzika m'sukulu za sekondale mpikisano wa masewero a Chingerezi wa ATEM, umene udayamba mu 1969. Ntchito imeneyi tisaichepse. Ambiri a ife tidaphunzira kuima pamaso pa anthu chifukwa cha mphunzitsi wina amene ankatsala nafe mu holo Loweruka lonse, popanda womuonjezera ngakhale tambala.

Ena adalowera njira zina. James Ng'ombe adalemba nthano zazitali monga Sugarcane with Salt ya 1989, adagwira ntchito yosindikiza mabuku, ndipo pambuyo pake adatsogolera sukulu ya atolankhani ya Malawi Institute of Journalism. Kanyongolo atatuluka m'ndende adamaliza maphunziro ake nakhala mphunzitsi wa malamulo wodziwika m'dziko lonse, amene atolankhani ankamuthamangira pakabuka mkangano pa malamulo oyendetsera dziko. Kamlongera adakaphunzira ku Leeds, adabwerako kudzaphunzitsa zisudzo, adakatsogolera likulu la SADC loona za mauthenga a chitukuko ku Harare, ndipo adadzakhala mkulu wa koleji yomwe ankachitirako masewero ali mnyamata. Bungwe la COSOMA loteteza umwini wa ntchito zaluso litayamba mu 1992 ku Lilongwe, pambali pa nthambi ya Boma yoona za chikhalidwe, padapezekanso mipando ina yoyenera munthu wodziwa zaluso. Akuluakulu adanena zoona kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

DZIWE LACHIWIRI: OLD TOWN

Kuchoka ku City Centre, tsikani ndi msewu wa Kenyatta, mudutse nkhalango ija, muwoloke mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, mufike ku msika, ku depoti ya mabasi ndi ku Bwalo la Njobvu. Kuno ndiye kuli khamu la anthu, ndipo gulu lililonse lofuna kudya ndalama ya pakhomo liyenera kudzamata mapepala ake m'mitengo ndi m'makoma a kuno. Kunena zoona, amene adatsogola pa luso lodzaza holo sadali a digiri ayi. Gulu la Kwathu, limene lidayamba ku Blantyre kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pamodzi ndi anthabwala awiri aja, John Nyanga ndi Eric Mabedi, odziwika kuti Izeki ndi Jakobo, adakopa anthu ndi masewero a Chichewa cha pamsika ndi pakhomo. Pa wailesi ya MBC masewero monga Kapalepale ndi Pamajiga adali atakonzeratu makutu a Amalawi.

Wa digiri amene adalimba mtima kuyesa njira imeneyi ndi Du Chisiza Jr., ngakhale digiri yake sidali ya kuno. Adabadwa mu 1963, patapita miyezi ingapo bambo wake, mtsogoleri wa ndale Dunduzu Chisiza, atamwalira pa ngozi ya galimoto pa Thondwe. Adatchuka koyamba mu mpikisano wa ATEM ali pa sukulu ya HHI, adakaphunzira zisudzo ku Philadelphia ku America, ndipo atabwerako adayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, gulu limene ambiri amati ndilo loyamba m'dziko muno kudalira zisudzo zokha pa chakudya chake. Masewero monga Papa's Empire ndi Democracy Boulevard adayenda nawo m'mizinda yathu, ndipo Lilongwe sadamusiye. Mu 1993 adalandira unduna woona za achinyamata, masewera ndi chikhalidwe mu Boma la Dr. Banda, chinthu chimene chidadabwitsa ambiri amene ankamva mbola m'masewero ake. Adabwereranso ku siteji, namwalira mu 1999 ali ndi zaka 35 zokha. Gertrude Kamkwatira, amene adasewera naye, adapitiriza ndi gulu lake la Wanna Do kufikira imfa yake mu 2006.

Nanga bwanji otsata mapazi awo ali owerengeka? Masamu ake ndi osavuta. Holo ndi ya lendi, galimoto yonyamula anthu ndi katundu ndi ya hayala, chilolezo n'cholipira, mapepala olengezera n'ngolipira, ndipo zonsezi zimafuna ndalama munthu woyamba asanagule tikiti. Mvula ikagwa, kapena kukakhala mpira waukulu tsiku lomwelo, gulu limabwerera kwao ndi ngongole. Wailesi ya kanema ya dziko lino itatsegulidwa mu 1999, ndiponso timanyumba toonetsera mafilimu titachuluka m'misika, anthu adapeza zoonera zotsika mtengo. Ku Area 2 kuli kanyumba ka zisudzo ka Madsoc, koma mipando yake siingadyetse mbadwo wathu wonse. Nyumba yaikulu ya Bingu ku City Centre, imene idatsegulidwa mu 2012, adaimangira misonkhano. Qabaniso Malewezi, amene adaphunzira ku Liverpool Institute for Performing Arts, atabwerera ku Lilongwe adadutsa m'nyimbo, m'ndakatulo zolakatula pagulu, ndi m'ntchito yokonza malo okumanirako aluso. Izi zitiphunzitsa kuti ngakhale digiri ya kunja imafuna miyendo ingapo kuti iime mu mzinda uno.

DZIWE LACHITATU: KUMAYADI

Dziwe limene lamwetsa ambiri m'zaka makumi atatu zapitazi lili kumayadi, ku Area 3, Area 9, Area 10, Area 12 ndi Area 43, kumene nyumba zambiri za mipanda italiitali zidasanduka maofesi a mabungwe. Njira yofikira kumeneko idayambira kutali, ku Mbalachanda m'boma la Mzimba. Mu 1981 Chris Kamlongera ndi David Kerr adapita kumeneko ndi ophunzira a Travelling Theatre, ndipo m'malo mongoonetsa sewero loloweza kale, adayamba acheza ndi anthu za mavuto awo, napanga masewero pomwepo m'chilankhulo chimene anthuwo ankamva. M'zaka zomwezo gululi lidatembenukira ku Chichewa ndi masewero monga Mchira wa Buluzi, lochokera ku The Lizard's Tail la Enoch Timpunza Mvula. Kuyambira 1985 njirayi idakhwimira ku Liwonde, mu ntchito ya zaumoyo yothandizidwa ndi bungwe la GTZ la ku Germany. Kumeneko sewero la chitsime chauve linkaima pakatikati, wosewera natembenukira kwa oonera ndi kuwafunsa chimene iwo akadachita. Izi ndizo timazitcha zisudzo za chitukuko, ndipo Kamlongera adazifotokoza m'buku lake la 1989.

Zinthu ziwiri zidasandutsa luso limeneli kukhala ntchito ya malipiro. Choyamba ndi Edzi, imene idapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, ndipo idafuna anthu odziwa kunena pagulu zinthu zimene mwambo umati n'zolaula. Chachiwiri ndi kusintha kwa ndale. Riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994 zidatsekulira khomo mabungwe ndi ndalama za maiko akunja. Ntchito ya GABLE yolimbikitsa maphunziro a atsikana, yothandizidwa ndi USAID, idatuma ophunzira a ku Chirunga kukagona m'midzi ndi kuchita masewero, ndipo pa maziko ake padamera bungwe la CRECCOM ku Zomba mu 1999. Ku Blantyre a Story Workshop adayambitsa sewero la pa wailesi la Zimachitika. Ku Lilongwe National AIDS Commission idakhazikitsidwa mu 2001, wailesi ya Zodiak idayamba kuulutsa mawu mu 2005, ndipo Theatre for a Change idafika mu 2007 niyamba kugwira ntchito ndi ophunzira uphunzitsi. Wodziwa kulemba macheza a anthu awiri, kutsogolera zokambirana pansi pa mtengo, kapena kujambula mawu, adangoona akuitanidwa. Michael Usi adakwera ndi njira yofanana nayo: sewero la Tikuferanji la bungwe la ADRA lidamudziwitsa kwa Amalawi monga Manganya, ndipo adadzakhala Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko kuyambira June 2024 kufikira 2025.

Pofuna kumva za dziwe limeneli kwa munthu womwa madzi ake, ndidakwera minibasi ku depoti kupita ku Area 10 kukaonana ndi achemwali ena amene adamaliza maphunziro athu omwewa zaka zingapo zapitazo. Ofesi yawo ndi chipinda chimene kale chidali chogona cha ana a bwana wina, ndipo ntchito yawo ndi yoona zofalitsa mauthenga pa bungwe lina. Nditawafotokozera funso la bambo anga adaseka mpaka misozi, nati, "Achimwene, kawauzeni akuluwo kuti digiri yomweyi ndiyo yaphunzitsa azing'ono anga atatu ndi kufolera nyumba ya amayi kumudzi." Adandiuza kuti palibe chimene adaphunzira ku Chirunga chidapita pachabe. Kumvetsera, kuwerenga nkhope za anthu pa msonkhano wa amfumu, kudziwa pamene mzere watalika, kugwira ntchito ndi anthu khumi osamvana mpaka tsiku la sewero lifike, zonsezi amazigwiritsa ntchito sabata ndi sabata.

Ndidawafunsa kuti, "Nanga sewero lanulanu, achemwali, mudalemba liti lomaliza?" Adakhala chete kanthawi, akusewera ndi cholembera, kenaka adati, "Chaka chachinayi ku Zomba." Adapitiriza kunena kuti masewero amene amalemba tsopano mathero ake amadziwika asanayambe, chifukwa mwini ndalama adalemberatu chimene anthu ayenera kuphunzirapo. Mayi wokana chipatala ayenera kuvomera. Bambo wouma mtima ayenera kulapa. Funso lija wosewera ankafunsa oonera ku Liwonde likadalipo, koma nthawi zambiri yankho lake limakhala lili kale m'chikwama.

Dandaulo limeneli si latsopano. David Kerr mwini wake, mmodzi wa amene adalambula njirayi, adalemba nkhani mu 1991 yofunsa ngati zisudzo zotere zimamasuladi anthu a m'midzi, kapena zimangosanduka chida cha amene ali ndi mphamvu ndi ndalama. Walira mvula walira matope. Mbadwo woyamba udalimbana ndi lumo la Censorship Board, limene linkadula mizere poyera ndipo wolemba ankadziwa kumene kuli mdani. Mbadwo wa kumayadi sudulidwa ndi lumo, koma umapatsidwa mutu, tsiku lomaliza ndi malipiro, ndipo sewero limene palibe adalilamula limangofera m'mutu. Pamwamba pa izi dziwe lenilenilo layamba kuphwa. Mu 2025 Boma la America lidadula thandizo lake lambiri ku maiko ena ndi kutseka USAID, ndipo achemwali aja adandiuza kuti anzawo angapo adali atakhala pakhomo.

CHIMENE NDIDATOLAPO

Tikaika maiwe atatuwa pamodzi, tiona kuti digiri ya zisudzo sidasiye eni ake pa njala monga amaopera makolo athu. Yatulutsa aphunzitsi, olemba mabuku, oulutsa mawu, akuluakulu a maofesi ndi alangizi a chitukuko. Chimene yalephera kutulutsa mochuluka ndi munthu wochita zisudzo amene akukalambira pa ntchito yakeyo. Chifukwa chake sichili mu ulesi wa ophunzira, koma mu zinthu zitatu zimene taziona: lamulo la 1968 limene lidaopseza, likulu la 1975 limene lidamangidwa lopanda siteji, ndi ndalama za pambuyo pa 1994 zimene zidagula luso koma osagula sewero.

Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lokhazikitsa bungwe la fuko loona za luso ndi chikhalidwe, chinthu chimene aluso adachilirira zaka zambiri. Lamulo ndi chiyambi chabwino, koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ife amene tikadali pano tili ndi chinthu chimene achemwali a ku Area 10 akuchisowa: zaka zinayi zimene palibe wotilembera mathero. Travelling Theatre ya 1970 idalibe dipatimenti, idalibe digiri, ndipo idali ndi lumo pakhosi, komabe m'zaka zisanu ndi chimodzi mudatuluka buku la masewero asanu ndi anayi. Tidzifunse, anzanga a mu Workshop, kuti ife tatulutsa angati, ndiponso kuti tikadzalowa m'maofesi athu, kaya pa Capital Hill kaya kumayadi, ndani wa ife adzasunge madzulo awiri pa sabata kuti akumane ndi anzake mu holo ya tchalitchi kapena ya sukulu.

Usiku womaliza wa tchuthi ndidawafotokozera bambo zonsezi, kuyambira Chichiri mpaka Area 10. Adamvetsera osandidula. Nditamaliza adati, "Ndamva. Ndiye kuti njala sudzafa nayo." Kenaka adandiuza chinthu chimene ndidali ndisanachimvepo: kuti ali mnyamata wongoyamba kumene ntchito adadumpha nkhomaliro masiku awiri kuti apeze ya tikiti yokaonera Wakhumbata itabwera mu Lilongwe, ndipo adabwerera ku Kawale wapansi usiku, akukangana ndi anzawo njira yonse za chimene Du ankatanthauza. "Ofesi udzaipeza," adatero. "Koma lako loti munthu adumphire nkhomaliro, ukadzalemba undiitane."